JAMES MARSHALL, MMISIRI AMENE ANATOLA GOLIDI

Ku California, m'dziko la Amereka, kuli mudzi waung'ono dzina lace Coloma, m'mbali mwa mtsinje wa American. Boma linapatula malowo kuti akhale cikumbutso, ndipo alendo ndi ana a sukulu amayendamo pansi naona zinthu zakale. Njira ina imakwera phiri kufikira pa fano la munthu woloza dzanja ku mtsinje. Munthuyo ndiye James Marshall.

Marshall anabadwa m'caka ca 1810 ku New Jersey. Atate wace anali mmisiri wa matabwa ndi wa magareta, ndipo mwanayo anaphunzira nchito yomweyo. Atakula anakalima ku Missouri, koma malungo anamsautsa. Tsono anatsagana ndi a ulendo opita kumadzulo, nafika ku California m'caka ca 1845. Kumeneko analowa nchito kwa John Sutter, munthu wa ku Switzerland, mwini minda yaikuru.

Sutter anasowa matabwa. M'caka ca 1847 awiriwa anapangana kuti Marshall amange makina ocekera matabwa ku Coloma, mamailosi oposa 40 kucokera kwa Sutter, popeza kumeneko kunali mitengo yambiri. Makinawo anayenera kuyenda ndi mphamvu ya madzi: madzi a mumtsinje azunguze gudumu, gudumu liyendetse maceka, ndipo madziwo aturuke m'ngalande kubwerera kumtsinje. Koma ngalandeyo inali yosazama. Marshall anapeza nzeru: usana anchito anali kukumba, usiku iye anali kutsegulira madzi kuti akokolole dothi ndi mcenga.

Mamawa pa 24 Januwale, 1848, poyendera ngalandeyo, anaona kanthu konyezimira pansi pa madzi. Anadziwa kuti ilipo miyala ina yonyezimira imene imanyenga anthu, koma yotere imasweka ukaimenya. Anatenga kanthuko nakasinja pakati pa miyala iwiri. Sikanasweka ai, kanangophwathalala. Pambuyo pace mai wina wophikira anchito, Jennie Wimmer, anakaponya mumphika wa cidulo coukira sopo, ndipo kanaturuka kali cinyezimirire. Anali golidi weniweni.

Sutter atamva, mtima wace sunakondwa, cifukwa anaopa kuti anchito amthawa. Anayesa kubisa mbiriyo, koma nanga cinthu cotere cibisika bwanji? M'mwezi wa Meyi wamalonda wina, Sam Brannan, anayenda m'miseu ya San Francisco alikuonetsa golidi m'botolo. Amalinyero anasiya zombo, alimi anasiya makasu. M'zaka zowerengeka anthu ngati 300,000 anafika ku California, ena kucokera ku China, ku Chile ndi ku Ulaya.

Khamu limeneli ndilo linamgwetsa Marshall. Anchito ace anamsiya napita kukapeta mcenga m'mbale zacitsulo. Alendo anamanga misasa pa malo ace osapempha, namlanda ndi ziweto zomwe. Ena anayesa kuti iye ali ndi mankhwala oonera golidi, motero kulikonse anapita anamlondola pambuyo, ndipo akapanda kupeza kanthu anamuopseza. Koma amene anazunzika koposa ndiwo eni dziko, Amwenye a mtundu wa Nisenan, amene ena a iwo anakumba nao ngalande ija. Mitsinje yao ya nsomba inadetsedwa, ambiri anafa ndi nthenda, ena anaphedwa. M'caka ca 1849 okumba golidi anapha Amwenye ku Coloma komweko. Marshall anayesa kuwaleretsa, ndipo pa cifukwa cimeneci anathawa kupulumutsa moyo wace. Apa mpomtama, pakuti amene anacita cotero masiku amenewo anali owerengeka.

Anabwerera ku Coloma m'caka ca 1857 nabzala munda wa mphesa, ndipo poyamba unampindulira, koma pambuyo pace malonda anafa. Anayesanso migodi, osaphula kanthu. M'caka ca 1872 boma la California linayamba kumpatsa madola 200 pa mwezi. Kenaka linacepetsa, ndipo m'caka ca 1878 linaleka. Nkhalambayo inakhala m'kanyumba ku Kelsey, ikusula zitsulo ndi kugulitsa timapepala tolembapo dzina lace. Inamwalira pa 10 Ogasiti, 1885, ili ndi zaka 74, yopanda cuma.

Anthu ananyamula mtembo nakauika pa phiri la ku Coloma, ndipo m'caka ca 1890 anaimika fano lija pamanda pace. Wotsika phirilo amapitirira kanyumba ka matabwa kamene Marshall anakhalamo, ndi masitolo awiri amiyala a Achaina, nafika pa makina ocekera matabwa amene anamangidwanso monga mwa akale aja. Pa gombe la tsidya lina ana amaloledwa kupeta mcenga m'mbale. Koma kagolidi kamene amati ndi koyambako sikali pamenepo. Kamasungidwa kutali ku Washington, m'nyumba ya zinthu zakale ya Smithsonian.