MICHAEL FARADAY: MWANA WA WOSULA ZITSULO AMENE ANATSEGULA NJIRA YA MAGETSI

Pa tsamba lathu la mbiri ya anthu akale tiwerenga za munthu amene sanapondepo mu Africa muno, koma nchito ya manja ake ili m'nyumba zathu, m'zipatala, ku cigayo ndi m'machalichi mwathu. Ambiri tikamva za malaiti timakumbukira dzina la Thomas Edison wa ku America. Koma babu lisanayake panafunika wina apeze njira yopangira magetsi ambiri osatha msanga, pakuti m'masiku amenewo magetsi oyenda m'mawaya anali kucokera makamaka m'mabatire, okwera mtengo ndi osacedwa kufooka. Amene anapeza njirayo ndi Michael Faraday, mwana wa m'banja losauka ndiponso mkulu wa mpingo.

Ubwana wake

Michael anabadwa pa 22 Sepitembala 1791 ku Newington Butts, kum'mwera kwa mzinda wa London ku England. Atate ake, a James, anali osula zitsulo, koma anali odwaladwala, kotero kuti masiku ambiri cipala cinali cozima. Ana anali anai ndipo Michael anali wacitatu. M'caka ca 1801 mitengo ya zakudya inakwera kwambiri, ndipo panali nthawi imene mnyamatayu anapatsidwa buledi mmodzi kuti adye sabata yonse. Ku sukulu anangophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu ocepa.

Amene anagwira banja limeneli ndi amai ake, a Margaret. Iwo sanaphunzire kwenikweni, koma analera ana ao m'mau a Mulungu. Amuna ao atamwalira mu 1810, anayamba kusunga alendo olipira m'nyumba mwao kuti banja lipeze cakudya.

Ali ndi zaka 13 Michael analembedwa nchito yoperekera manyuzipepala pa sitolo ya mabuku ya Bambo George Riebau. Caka cotsatira, mu 1805, mwini sitoloyo anamtenga kuti aphunzire kusoka ndi kumata zikuto za mabuku, maphunziro a zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo Riebau anali munthu wa mtima wabwino, ndipo anamlola kuwerenga mabuku amene anthu anabweretsa kuti akonzedwe. M'buku lina lalikulu anapezamo nkhani ya magetsi ndipo inamgwira mtima. Lina limene linamthandiza koposa linalembedwa ndi mzimai, Mai Jane Marcet, amene anafotokoza sayansi m'mau apafupi kuti ndi osaphunzira omwe amve. Michael anali kugula timabotolo ndi tizipangizo ndi ndalama zake zocepa, nayesa yekha ngati zolembedwazo zinali zoona. Atakula ndi kuchuka sanawaiwale maiwa, anali kuwatumizira zolemba zake mpaka pamene anamwalira.

Wanchito wa munthu wamkulu

Mu 1812 munthu wina wogula pa sitoloyo anampatsa matikiti oti akamvere maphunziro a Humphry Davy, katswiri wamkulu wa sayansi pa nyumba yofufuzira ya Royal Institution. Michael analemba zonse zimene anamva, anazisoka kukhala buku la masamba pafupifupi 300, nalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha nchito. Mu Marichi 1813 malo anapezeka, ndipo anayamba ngati wothandizira, kutsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo.

Mu Okutobala caka comweco Davy ndi mkazi wake ananyamuka ulendo wa ku France, Italy ndi Switzerland, ndipo anamtenga Michael. Wanchito wa m'nyumba amene anayenera kupita nao anakana, motero nchito yake inagwera Michael. Mkazi wa Davy sanafune kumuwerengera ngati wophunzira sayansi. Anali kumdyetsa pamodzi ndi anchito ndi kumkhazika kunja kwa ngolo pa ulendo. Zinamuwawa kwambiri mpaka anaganiza zobwerera kwao ndi kusiya zonse, koma anapirira miyezi 18 ya ulendowo, naphunzira kwa akatswiri amene anakumana nao m'maiko amenewo.

Banja ndi mpingo

A Faraday anali a mpingo waung'ono wochedwa Sandemanian, umene unapatuka ku Church of Scotland ca m'ma 1730. Akhristu amenewa anali ocepa ndi onyozeka pamaso pa anthu apamwamba a mu London. Anali kudya pamodzi tsiku la Sabata pakati pa mapemphero, anali kusambitsana mapazi, ndipo ciphunzitso ca Ambuye coletsa kudzikundikira cuma pa dziko lapansi anacitenga monga momwe cinalembedwera. Mu mpingo umenewu ndi m'mene anapeza mbeta, Sarah Barnard, mwana wa mkulu wa mpingo. Anakwatirana pa 12 Juni 1821, ndipo patapita mwezi umodzi a Faraday anabvomereza cikhulupiriro cao pamaso pa mpingo.

Banjali linakhala zaka 46 popanda mphatso ya mwana. Kusowa kwa mwana sikunawalekanitse. Anatenga ana a abale ao ndi kuwalera m'nyumba mwao. Mai Sarah sanali kulowerera za m'cipinda cofufuzira, koma anali kuyang'anira kuti amuna ao adye, apumule ndi kukhala ndi mtendere pakhomo.

Zimene anatulukira

Mu 1820 katswiri wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, anaona kuti waya wokhala ndi magetsi umagwedeza singano ya kampasi. Mu Sepitembala 1821 a Faraday anapita patsogolo. Analenjeka waya pafupi ndi maginito, ndipo atalowetsamo magetsi a m'batire wayawo unayamba kuzungulira maginitowo osaima. Aka kanali koyamba kuti magetsi a m'batire pamodzi ndi maginito azungulitse cinthu, ndipo ndico ciyambi ca mota imene lero iyendetsa cigayo, pampu ya madzi ndi makina osokera a magetsi.

Cimwemwe cao sicinakhalitse. Anthu ena anayamba kunena kuti anaba nzeru za katswiri wina, William Wollaston, ndipo Davy yemwe, amene anawalemba nchito, sanawaimire kumbuyo. Pamene dzina lao linaperekedwa kuti alowe m'bungwe la akatswiri la Royal Society, Davy anatsutsa, komabe anasankhidwa mu 1824. A Faraday sanabwezere coipa, ndipo moyo wao wonse anali kumchula Davy mwaulemu.

Funso limene linatsala m'mutu mwao linali ili: ngati magetsi angagwedeze maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Anayesa kangapo osaphula kanthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita zaka khumi, pa 29 Ogasiti 1831, anatenga mphete ya citsulo, nakulunga waya mbali imodzi ndi waya wina mbali inayo, mawaya awiriwo osakhudzana. Atalumikiza batire ku waya woyamba, magetsi anaoneka mu waya waciwiri kwa kamphindi. Mu Okutobala analowetsa maginito m'kati mwa waya wokulungidwa ndi kuwaturutsa, ndipo anaona kuti magetsi amabadwa pokhapo pamene maginito akuyenda. Pamenepo anazungulitsa mbale ya mkuwa pakati pa mapeto awiri a maginito aakulu, ndipo magetsi anaturuka osalekeza. Imeneyi ndiyo inali jenereta yoyamba.

Amene munaonapo dayinamo ya pa njinga mwaona nzeru imeneyi ndi maso. Tayala limazungulitsa kamutu ka dayinamo, m'kati mwake maginito amazungulira pafupi ndi waya wa mkuwa, ndipo nyali imayaka. Njinga ikaima nyali imazima. Ku Kariba ndi ku Kafue Gorge zimacitika cimodzimodzi, kungoti m'malo mwa miyendo ya munthu ndi madzi amene amazungulitsa makina. N'cifukwa cake madzi akacepa m'damu malaiti amabvuta. Thiransifoma imene timaiona pa mtengo wa ZESCO nayonso ndi mdzukulu wa mphete ija ya 1831.

Nyali ya pa gombe la nyanja

Kuyambira 1836 mpaka 1865 a Faraday anali mlangizi wa Trinity House, bungwe losamala nsanja za nyali zimene zimaunikira zombo usiku kuti zisagunde miyala. Nyalizo zinali za mafuta, ndipo utsi ndi cinyezi zinali kudetsa magalasi. Iwo anakonza cumuni yoturutsa utsiwo, ndipo umwini wa nzeru imeneyi anaupereka kwa mkulu wao Robert.

Mu Disembala 1858 nsanja ya South Foreland pafupi ndi Dover inayatsa nyali ya magetsi, yoyamba pa nsanja zotere. Makina ake anapangidwa ndi Frederick Holmes potsata zimene a Faraday anatulukira, ndipo kuwala kunali kuturuka pakati pa timitengo tiwiri ta makala. A Faraday ndiwo anapatsidwa udindo woiyesa. Anali atayandikira zaka 70, komabe anali kupitako m'nyengo yozizira. Mu Febuluwale 1860 cipale cofewa cinatseka miseu, ndipo nkhalambayi inadutsa m'minda ndi kukwera mipanda kuti ikafike pa nsanjayo, podziwa kuti miyoyo ya amalinyero inadalira nyali imeneyo.

Zimene anakana

Nzeru zotere zikanawalemeretsa kwambiri. Eni mafakitale anali kuwalipira bwino pa uphungu, koma atatulukira za magetsi anasiya pang'onopang'ono nchito zolipidwazo kuti afufuze coonadi, ndipo sanalembetse umwini wa jenereta kapena mota kuti adzidyerapo. Kawiri konse anapemphedwa kukhala mtsogoleri wa Royal Society, kawiri konse anakana. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea boma linawafunsa za kupanga mpweya wa poizoni wophera adani, ndipo anakana kutengako mbali. Koma pamene mgodi wa malasha wa Haswell unaphulika mu 1844 ndi kupha anthu 95, anabvomera kupita kukafufuza, nacenjeza kuti fumbi la malasha linakulitsa ngoziyo. Anakondanso kuphunzitsa ana. Maphunziro a ana a pa Khrisimasi a ku Royal Institution anawacititsa nyengo 19, ndipo mwambowo ulipo mpaka lero.

Mu mpingo anakhala dikoni mu 1832 ndi mkulu wa mpingo mu 1840. Anali kulalikira ndi kuyendera odwala ndi osauka monga mkulu wina aliyense. Mu 1844 panabuka mkangano pa za mwambo wa mpingo, ndipo iwo pamodzi ndi ena anaimitsidwa. Munthu wodziwika ku Ulaya konse akanatha kunyanyala ndi kupita ku chalichi cacikulu kumene akanalandiridwa ndi manja awiri. Iwo anadzicepetsa, anabwezeredwa patapita masabata ocepa, nakhala pa benchi ngati mkhristu wamba zaka 16 kufikira anasankhidwanso kukhala mkulu mu 1860.

Masiku otsiriza

Kuyambira 1839 anayamba kudwala cizungulire ndi kuiwalaiwala, ndipo anapumula zaka zingapo. Pokalamba matenda oiwala anakula, mpaka anatula pansi maudindo ao limodzi ndi limodzi. Mai Sarah ndi mwana wa mbale wao ndiwo anawasamala. Mu 1858 Mfumukazi Victoria inawapatsa nyumba ku Hampton Court, ndipo m'nyumba imeneyi ndi m'mene anamwalira pa 25 Ogasiti 1867, ali ndi zaka 75. Anali atakaniratu kuikidwa ku Westminster Abbey, kumene amaika mafumu ndi anthu ochuka. Anaikidwa ku manda a Highgate pa maliro a abale okhaokha, ndipo pa mwala panalembedwa dzina ndi masiku cabe.

Zipatso zazikulu za nchito yao sanazione. Mu 1879 ndi 1880 Joseph Swan ku England ndi Thomas Edison ku America anaturutsa mababu oyaka maola ambiri. Mu 1879 Werner von Siemens anaonetsa kasitima ka magetsi ku Berlin, ndipo mu 1881 kampani yake inayamba kunyamula anthu pa sitima ya magetsi ya m'miseu ku Lichterfelde. Mu 1882 Edison anatsegula nyumba zopangira magetsi ku London ndi ku New York, ndipo mu 1890 London inatsegula njanji ya magetsi ya pansi pa nthaka. Kuno kwathu damu la Mulungushi linatsegulidwa mu 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe. Onsewa anamanga pa maziko a mwana wa wosula zitsulo uja.

Kwa ife amai

M'mbiri imeneyi muli azimai anai. A Margaret analera mwana m'umphawi osamtayitsa Mulungu. Mai Marcet analemba buku losabvuta limene linafika m'manja mwa mnyamata wosaphunzira. Mai Sarah anasunga banja lopanda mwana mu mtendere, nasamala mwamuna woiwalaiwala mpaka imfa. Mkazi wa Davy anaona wanchito cabe, ndipo anatsala pang'ono kuzimitsa nyali isanayake.

M'nyumba zathu zambiri muli mwana wa malemu mlongo wathu, kapena mtsikana wotithandiza nchito, kapena mnyamata amene analekezera sukulu pa njira cifukwa ca ndalama. Kodi amadya kuti? Kodi akagwira buku timamlola kuwerenga, kapena pomwepo timampezera nchito ina? Sitidziwa cimene Mulungu anaika mwa iye. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiyeni m'Cigwirizano cathu tiwadziwe ana otere m'mudzi ndi m'komboni, tiwathandize ndi makope, yunifomu ndi mau olimbikitsa. Ndipo ana athu amene Ambuye awakweza pa maphunziro tiwakumbutse za munthu uyu, amene anaphunzitsa ana a mafumu m'kati mwa sabata, koma pa Sabata anali kukhala pa benchi limodzi ndi osauka a mu mpingo wake.