Mbiri ya Malemu Alick Nkhata, Katswiri wa Gitala ndi Wailesi m'Dziko la Zambia

Aliyense wopita ku likulu la nyumba ya mphepo ya ZNBC mu mzinda wa Lusaka amadzera mu msewu wa Alick Nkhata. Anthu okwera mabasi opita ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amalitchula dzinali tsiku ndi tsiku ngati dzina la msewu chabe. Koma mwini dzinalo anali muulutsi komanso woyimba yemwe mawu ake ndi gitala yake zinkamveka m'maiko atatu, omwe lero ndi Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, pa nthawi yomwe wailesi inali chinthu chachilendo m'nyumba za anthu akuda.

A Alick Nkhata anabadwa m'chaka cha 1922 ku Kasama, m'chigawo cha Kumpoto kwa dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Bambo awo anali Mtonga pomwe mayi awo anali M'bemba. Atamaliza sukulu anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasintha njira ya moyo wawo. Iwo analowa usilikali ndipo anali m'gulu la asilikali a mu Africa omwe boma la Britain linatumiza ku Burma, dziko lomwe tsopano limatchedwa Myanmar.

Nkhondoyi inathandiza kufalitsa gitala m'chigawo chino cha Africa. Asilikali obwerera kwawo komanso anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt, ku Katanga ndi ku South Africa ndi omwe ankabwera ndi chida chimenechi m'makomboni ndi m'midzi. Gitala ya masiku amenewo inali yopanda magetsi, yotsika mtengo ndiponso yosavuta kunyamula. Mnyamata ankatha kuikoleka pamsana, kukwera njinga, n'kukayimba pamalo omwera mowa kapena pa ukwati.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira ntchito ndi a Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa yemwe ankayendayenda ndi makina ojambulira mawu m'maiko ambiri a kumwera, pakati ndi kum'mawa kwa Africa. A Tracey ndi omwe anajambula oyimba gitala otchuka monga a George Sibanda a ku Bulawayo ndi a Jean Bosco Mwenda a ku Katanga, ndipo m'chaka cha 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music. Pa ntchitoyi a Nkhata anaphunzira kajambulidwe ka mawu. Anaphunziranso kumvetsera mwachifatse nyimbo za ng'oma, kalimba ndi malimba, ndi kuzilemekeza ngati chuma cha anthu, pa nthawi yomwe ophunzira ambiri ankaziona ngati zachikale.

Cha m'ma 1950 iwo anayamba ntchito pa nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Nyumbayi inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo monga Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

A Nkhata anafika pa nthawi yake. M'chaka cha 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain, itapemphedwa ndi mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, a Harry Franklin, inayamba kugulitsa wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special. Dzinali linabwera chifukwa chakuti wailesiyo inali yozungulira ngati sefuliya. Inali ya mtundu wobiriwira ngati thambo, inkagulitsidwa pa mtengo wa mapaundi 5 ndipo inkayendera batire. Motero inkatha kulira ngakhale kumalo kopanda magetsi, kuyambira m'makomboni a m'migodi kufikira m'midzi ya asodzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Kafue yonga Chanyanya. Wailesi imodzi inkasonkhanitsa banja lonse ndi anansi omwe.

Omverawo ankafuna nkhani, uthenga wa moni kwa abale akutali, ndipo koposa zonse ankafuna nyimbo. Apa ndi pomwe luso la a Nkhata linaonekera. Iwo ankapita m'madera osiyanasiyana kukajambula oyimba a m'midzi, kenaka ankatenga zina mwa nyimbozo n'kuzikonzanso kuti ziyimbidwe ndi gitala. Ntchitoyi siinali yapafupi. Gitala inapangidwa motsatira kayimbidwe ka ku Ulaya, pomwe nyimbo za m'midzi zili ndi kagundidwe kakekake, ndipo mawu a Chinyanja kapena Chibemba amakwera ndi kutsika motsatira tanthauzo. Woyimba wosasamala amatha kupotoza mawu pofuna kuti agwirizane ndi chida. A Nkhata ankachititsa chidacho kutsatira chilankhulo.

Ndi gulu lawo la anthu anayi, iwo ankayimba mosakaniza mawu okwera ndi otsika, mofanana ndi magulu a anthu akuda a ku America ndiponso a Manhattan Brothers a ku South Africa. Koma nkhani za m'nyimbozo zinali za kuno: chikondi, ukwati, mowa, moyo wa m'tauni ndi mavuto a munthu wochoka kumudzi kudzafuna ntchito. Ankalangiza moseketsa, monga amachitira ankhoswe odziwa ntchito yawo. Nyimbo yawo ya Shalapo ndi imodzi mwa zomwe zinatchuka kwambiri, pomwe ya Kalindawalo ni Mfumu imatchula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Kuyimba m'zilankhulo zingapo kunachititsa kuti munthu wa ku Chipata, yomwe inkatchedwa Fort Jameson, amve nyimbo ya ku Kasama n'kuikonda ngati yakwawo.

Ntchito ya pa wailesi inalinso ndi minga yake. M'chaka cha 1953 boma la Britain linakhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe anthu akuda ambiri ankachikana. Popeza nyumba ya mphepoyi inali ya boma, anthu ena ankawaona aulutsi akuda ngati milomo ya atsamunda. M'zaka zomwezo kunabuka mphekesera za banyama, anthu omwe ankaganiziridwa kuti amagwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, ndipo ena mwa ogwira ntchito pa wailesi anakhudzidwa ndi mphekeserazi. Mnzawo wa pa ntchito, a Peter Fraenkel, analongosola za masiku ovutawa m'buku lawo lotchedwa Wayaleshi, lomwe linatuluka m'chaka cha 1959.

Ndale zitafika pachimake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, a Nkhata anaima ndi omenyera ufulu, ndipo nyimbo zawo zinathandiza chipani cha UNIP chomwe chinkatsogoleredwa ndi a Kenneth Kaunda. Chitaganya chinatha kumapeto kwa chaka cha 1963, ndipo dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964. M'boma latsopanoli iwo anakhala m'modzi mwa akuluakulu oyendetsa ntchito zoulutsa mawu, komanso anatsogolera nthambi yoona za chikhalidwe.

Pa nthawiyi nayo gitala inali itasintha. Gitala yopanda magetsi inkamveka bwino mu situdiyo, pafupi ndi maikolofoni, koma m'holo yodzaza ndi ovina mawu ake ankamira m'phokoso la ng'oma ndi malipenga. Vutoli oyimba jazz a ku America anali atakumana nalo kale. M'chaka cha 1936 kampani ya Gibson inatulutsa gitala yamagetsi ya ES-150, yomwe inatchuka m'manja mwa a Charlie Christian atalowa gulu la a Benny Goodman m'chaka cha 1939. Gitala imeneyi inali yamphako, yokhala ndi timipata tiwiri pankhope ngati vayolini. Mawu ake anali ofewa ndi onona, koma woyimba akakweza kwambiri mphamvu, thupi la gitalayo linkanjenjemera n'kuyamba kulira lokha mosokosa.

M'chaka cha 1958 kampani yomweyi inapeza njira yapakati potulutsa gitala ya ES-335. Amisiri anaika chipika cha mtengo wolimba pakati pa thupi la gitala, n'kusiya mphako kumbali zonse ziwiri. Chipikacho chinachepetsa kusokosa kuja ndi kutalikitsa kulira kwa nsambo, pomwe mphako za m'mbali zinasunga kufewa kwa mawu. Oyimba jazz ndi blues anaikonda kwambiri gitala yamtunduwu, ndipo a B.B. King anayimbira ina ya banja lomweli kwa zaka zambiri, yomwe ankaitcha Lucille. Masiku ano magitala oyambirira a mtundu umenewu, a zaka za 1958 mpaka 1964, amagulitsidwa pa madola zikwi makumi angapo akakhala kuti sanasinthidwe ziwalo.

Kayimbidwe kofewa ka jazz kameneka kanafika ku Lusaka kudzera m'zimbale ndi pa wailesi, ndipo kanapeza malo m'gulu lomwe a Nkhata anathandiza kukhazikitsa, la Lusaka Radio Band, lomwe pambuyo pake linatchedwa Big Gold Six. Woyimba gitala wa gululi, a Bestin Mwanza, amakumbukiridwa chifukwa cha kalizidwe kawo kotsamira ku jazz. Ngakhale zida zinali zatsopano, cholinga chinali chomwe chija cha masiku a gitala yopanda magetsi: kutenga nyimbo za m'zigawo zonse za dziko ndi kuziveka chovala choti zilowe nacho m'holo ya m'tauni popanda kutaya chiyambi chake. Gululi linkayimbanso nyimbo zolimbikitsa umodzi wa mitundu, ndi zina zodzudzula ulamuliro wa a Ian Smith ku Rhodesia.

Njira yomwe analambula inadutsamo ambiri. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti gawo lalikulu zedi la nyimbo zoulutsidwa pa wailesi likhale la oyimba a m'dziko momwemo. Lamuloli linapatsa mphamvu magulu a Zamrock monga WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz ndi Ngozi Family ya a Paul Ngozi, omwe gitala yawo inali yaukali kusiyana ndi ya Big Gold Six. Pambuyo pake kunabwera nyengo ya kalindula, pomwe magulu ambiri anatenga magule a m'midzi n'kuwayimba ndi magitala amagetsi, monga momwe a Nkhata anayambira zaka makumi atatu m'mbuyomo.

M'chaka cha 1974 a Nkhata anapuma pa ntchito ya boma ndipo anakakhala pa famu yawo ku Mkushi, m'chigawo cha Pakati. Koma nkhondo ya ufulu wa dziko la Zimbabwe inawapeza komweko. Dziko la Zambia linkasunga omenyera ufulu a gulu la ZIPRA, lomwe linali pansi pa chipani cha ZAPU cha a Joshua Nkomo, ndipo umodzi mwa misasa yawo unali m'dera la Mkushi. Pa 3 Seputembala 1978 asilikali a ZIPRA anagwetsa ndege yonyamula anthu ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Pobwezera, pa 19 Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia analowa m'dziko la Zambia ndi ndege zankhondo ndipo anaphulitsa msasa wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, komanso msasa wa ku Mkushi womwe munkakhala atsikana ndi amayi ambiri. Anthu mazanamazana anaphedwa. A Alick Nkhata, omwe famu yawo inali pafupi ndi msasawo, anali m'gulu la anthu omwe anataya miyoyo yawo pa chiwembuchi. Anali ndi zaka 56, ndipo kunali kutangotsala masiku 5 kuti dziko lomwe analiyimbira likondwerere zaka 14 za ufulu.

Dziko la Zimbabwe linalandira ufulu wake mu Epulo 1980, pasanathe zaka ziwiri chimwalirireni iwo.

Zambiri mwa nyimbo za a Nkhata zinajambulidwa pa zimbale zakale zosachedwa kusweka ndi pa matepi omwe amaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha. Gitala yakale ikathyoka, mmisiri amatha kuimata, koma tepi ikafufutika mawu a woyimbayo sabwereranso. N'chifukwa chake ntchito ya osunga nyimbo ili yofunika. Nkhokwe yomwe a Hugh Tracey anakhazikitsa inasamukira ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa, m'chaka chomwecho cha 1978, ndipo imasunga nyimbo zambiri zojambulidwa ku Zambia ndi ku Malawi m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa nyimbo za a Nkhata m'chimbale chotchedwa Shalapo and Other Love Songs, chomwe chinathandiza kuti mbadwo watsopano, mkati ndi kunja kwa Zambia, umve mawu awo.

Boma la Zambia linawalemekeza potcha msewu wa ku Lusaka uja dzina lawo. Mu msewu umenewu ndi momwe muli Mass Media Complex, komwe aulutsi a Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale amayankhulira ku mtundu wonse, kupitiriza ntchito yomwe a Nkhata ndi anzawo anaiyamba m'masiku a wailesi ya sefuliya.