Spartacus, Kapolo Amene Anasowetsa Aroma Tulo

Anzanga, musangodutsa pa bolodi pano, taimani kaye mumve za Spartacus. Mkuluyu kwawo kunali ku Thrace, koma Aroma anamugulitsa ku sukulu ina mumzinda wa Capua. Sinali sukulu ya mabuku ngati yathuyi, ayi. Kumeneko akapolo ankaphunzira kumenyana ndi malupanga pabwalo, anthu n'kumaonerera akukuwa ngati ali ku mpira. Wogonja nthawi zina ankafera pomwepo.

M'chaka cha 73 Yesu asanabadwe, Spartacus ndi anzake pafupifupi 70 anatola mipeni ya kukhitchini n'kuthawira ku phiri la Vesuvius. Asilikali atawazinga, iwo anapota zingwe za mpesa wam'tchire, n'kutsikira kuphompho, n'kuwadzidzimutsa adaniwo chakumbuyo. Akapolo zikwizikwi anathawa m'minda kudzawajoina, moti kwa zaka ziwiri Aroma tulo sanatione.

M'chaka cha 71 Yesu asanabadwe, mkulu wa asilikali dzina lake Crassus anawagonjetsa. Spartacus anafera kunkhondoko, mtembo wake osapezeka. Anzake 6,000 anapachikidwa pamitanda m'mbali mwa msewu wochoka ku Capua kupita ku Roma.

Kufa anafa ndithu, koma anafa akumenyera ufulu wake, osati kusangalatsa anthu oonerera.