Hájí Mírzá Jání: Wamalonda Amene Analandira Báb pa Naw-Rúz

Hájí Mírzá Jání anali wamalonda wodziwika mu mzinda wa Káshán, m'dziko la Persia, limene lero timalitcha Iran. Mzindawu unatchuka kalekale chifukwa cha amisiri oumba. M'zaka za m'ma 1200, mbale, mitsuko ndi matailosi a ku Káshán zinkagulidwa kutali, mpaka liwu loti káshí linasanduka dzina la matailosi m'chilankhulo chawo. Amisiriwo ankaotcha chiwiya kawiri: koyamba kuti chilimbe, kachiwiri atachikongoletsa ndi mankhwala a siliva ndi mkuwa, m'ng'anjo ya utsi wambiri, kuti chizinyezimira ngati golide. Mu 1301 Abu'l-Qásim, mwana wa banja la oumba kumeneko, analemba njira zimenezi m'buku.

Ziwiya zabwino zimatuluka pa tsiku lalikulu, ndipo kwa Aperisiya tsikulo ndi Naw-Rúz, kutanthauza tsiku latsopano. Limafika pa 20 kapena 21 Malichi, pamene usana ndi usiku zimalingana ndipo nyengo yozizira yatha kwawoko. Mpaka lero mabanja amasesa nyumba, amayala nsalu, n'kuika m'timbale zinthu zisanu ndi ziwiri zimene mayina ake amayamba ndi chilembo cha sín, monga tirigu wongomera kumene, adyo, apozi ndi viniga. Akatero amayenderana. Jání anakulira m'dziko lolemekeza mlendo pa tsiku limeneli.

Báb atalengeza uthenga Wake ku Shíráz mu Meyi 1844, Mullá Husayn anadutsa pa Káshán popita ku Tihrán. Munthu woyamba kukhulupirira mu mzindawo anali Jání.

Mu 1847 mfumu Muhammad Sháh inalamula kuti Báb achotsedwe ku Isfahán ndi kubwera naye ku likulu, akumulondera asilikali a pa akavalo. Mbiri ya Nabíl imatiuza kuti Jání analota ataima pa chipata cha Attár, akuona Báb akubwera kudzakhala mlendo wake masiku atatu. Atadzuka sanazengereze. Anakonza chipinda, anasonkhanitsa zofunika, n'kukadikira pa chipatapo. Madzulo, kutatsala usiku umodzi kuti Naw-Rúz ifike, gulu lija linatulukira. Asilikali anali atalamulidwa kuti asalowe mu mzinda uliwonse, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo anayamba wakana. Atakambirana, analola, pokhapokha Jání atalonjeza kuti pakatha masiku atatu adzabweza Mkaidiyo m'manja mwawo.

Tiganizire zimene anaika pachiswe. Wamalonda amadalira dzina labwino, ndipo iye analowetsa m'nyumba mwake munthu amene boma ndi akuluakulu achipembedzo ankamukayikira, anthu akuona. M'nyumbamo Báb anacheza ndi okhulupirira ochepa ndipo anavumbulutsa Kalata yopempherera mwini nyumbayo. Akulu athu amati mlendo ndi mame. Nthawi itakwana Jání anasunga lonjezo lake, anaperekeza Mlendo wake kwa asilikali mtima uli wosweka. Báb sanaloledwe kuonana ndi mfumu. Anamupititsa ku ndende ya Máh-Kú, ndipo anaphedwa ku Tabríz pa 9 Julayi 1850.

Chikhulupiriro cha Jání chinayesedwa kawiri. Mu Disembala 1848 anatsagana ndi Bahá'u'lláh pa ulendo wokathandiza okhulupirira amene anazingidwa ku Shaykh Tabarsí. Anagwidwa panjira n'kutengedwa ku Ámul, kumene analamulidwa kuti akwapulidwe. Bahá'u'lláh anachonderera kuti anzakewo awaleke, ndipo Iye ndi amene anamenyedwa kumapazi m'malo mwawo. Kenako pa 15 Ogasiti 1852 anyamata ena osokonezeka ndi chisoni anayesa kupha Násiri'd-Dín Sháh, ndipo boma linayamba kusaka otsatira a Báb. Jání anagwidwa, n'kuperekedwa kwa amalonda anzake a ku Tihrán, amene anamupha chaka chomwecho.

Mu kalendala imene Báb anakhazikitsa, ya miyezi 19 ya masiku 19, Naw-Rúz ndi tsiku loyamba la chaka, ndipo Bahá'u'lláh analiika kukhala chikondwerero chotsatira masiku osala kudya. Mwambo wa zinthu zisanu ndi ziwiri zija ndi wa Aperisiya. Si lamulo la Chibahá'í. Ife kuno ku Ntcheu, Naw-Rúz imatipeza mondokwa ndi maungu zitacha, ndipo mphika woumbidwa ndi amayi a m'mudzi mwathu ndi wokwanira kuphikira alendo. Sitikumbukira Jání chifukwa cha zimene zinali m'mbale zake, koma chifukwa cha Amene anamutsekulira khomo pa nthawi imene kutero kunali koopsa, ndi chifukwa anasunga mawu ake ngakhale zinali zowawa.

Tikambirane: m'dera lathu muno, ndani amene anthu amachita naye manyazi kapena mantha kumuitana? Kodi chaka chino adzakhala nawo pa mphasa yathu?