Bobby Jones, loya amene ankadziwa kuchedwetsa manja

Anzathu amene mwayamba kuyeserera gofu, dandaulo lanu ndi limodzi: mumamenya ndi mphamvu zonse koma kampira kamangothawira kumanja, kapena kugubuduka ngati mwakaponda. Tsono mwezi uno tikambe za munthu amene analimbana ndi manja ake moyo wake wonse, koma sanalandirepo mphoto ya ndalama pa mpikisano uliwonse umene anapambana.

Robert Tyre Jones anabadwa pa 17 March 1902 ku Atlanta, m'dziko la America. Anali mwana wodwaladwala, ndipo makolo ake anayamba kukhala pafupi ndi bwalo la gofu la East Lake, komwe mwanayo ankapeza mpata wosewera panja. Kumeneko kunali mphunzitsi wochokera ku Scotland, Stewart Maiden. Kamnyamatako kankangomulondola pambuyo, kuonerera mmene akuzungulizira ndodo, kenaka kukayeserera pakokha. Pofika zaka 14, mu 1916, Jones anali akupikisana kale ndi akuluakulu mu US Amateur.

Ndodo za nthawi imeneyo zinali ndi mpini wa mtengo wa hickory. Mpini wotere umapindika komanso kupotoka ukaukoka mwadzidzidzi, ndiye munthu waphuma sakanapita nawo patali. Jones pobweza ndodo kumbuyo ankatembenuza chiuno ndi mapewa mokwanira, mkono wamanzere uli wowongoka koma wosauma. Akafika pamwamba, mfundo za manja, apa timavala wotchipa, zinkapinda mpaka ndodo kugona kuseri kwa khosi. Pobwerera, chiuno ndi chimene chinkayamba kutembenuka ndodo isanamalize n'komwe ulendo wake wakumbuyo, ndipo zimenezi zinkapinditsa mfundozo mowonjezera. Ankatsitsa ndodo mfundo zili chipindire, n'kuzimasula manja atayandikira mpira. Zili ngati chikwapu: chimalira kunsonga, pamapeto penipeni.

Vuto la ambirife ndi dzanja lamanja. Limafuna kumenya ndodo ikadali m'mwamba, mfundo n'kuwongoka msanga, ndiye pofika pa mpira liwiro lathera m'njira. Jones ankaphunzitsa kuti mbali yamanzere itsogolere, ndipo kagwiridwe kakhale kofewa, chifukwa ukafinya mpini mfundo zimauma. Yesani kufinya chogwirira cha tsache mwamphamvu ndiye mupinde dzanja, muona nokha.

Koma ndiye mkuluyu anali ndi mtima wapachala, eti! Ali mnyamata ankataya ndodo akaphonya. Mu 1921, pa mpikisano wa Open ku St Andrews, zitamuvuta pa dzenje la 11 mu raundi yachitatu, anangotola mpira wake, basi mpikisano wake n'kuthera pomwepo. Nyuzi za ku Britain sizinamusiye. Kuyambira 1916 anakhala zaka zisanu ndi ziwiri osapata chikho chachikulu, mpaka pamene anapambana US Open mu 1923, atayamba kuugwira mtima.

Mu 1925, pa US Open ya ku Worcester, mpira wake unasuntha pang'ono mu udzu pamene ankakonzekera kumenya. Iye ndi amene anaumirira kuti wasuntha, n'kudzipatsa chilango cha sitiroko imodzi. Pamapeto anafanana ndi Willie Macfarlane, ndipo atabwereza Jones anagonja. Sitiroko imodziyo inali chikho.

Musaiwale kuti uyu gofu sinali ntchito yake. Anaphunzira zaumisiri wa makina ku Georgia Tech, mabuku a Chingerezi ku Harvard, malamulo ku Emory, n'kukhala loya. Miyezi yambiri pa chaka sankapikisana n'komwe. Komabe pakati pa 1923 ndi 1930 anatenga zikho zikuluzikulu 13. Mu 1930 anasesa zonse zinayi za nthawi imeneyo m'chaka chimodzi: British Amateur, Open, US Open ndi US Amateur. Palibe wina anachitapo zimenezi. Atatero anasiya mipikisano ali ndi zaka 28 zokha, chifukwa mantha ndi nkhawa za mipikisano zinkamudya mpaka kuonda.

Mu 1931 kampani ya Warner Bros inajambula naye mafilimu afupiafupi otchedwa How I Play Golf, ena mwa malo ake akuyenda pang'onopang'ono kuti munthu aone mfundo zikupinda ndi kumasuka. Ambiri alipo pa YouTube, ndipo bandulo yake simungadandaule nayo. Iye ndi Clifford Roberts anakhazikitsanso bwalo la Augusta National, komwe mpikisano wa Masters unayamba mu 1934. Apa tisabise: Jones anali wa kumwera kwa America m'nthawi ya tsankho, ndipo munthu wakuda woyamba kusewera Masters, Lee Elder, anasewera mu 1975, Jones atamwalira kale.

Mu 1948 anayamba kuvutika ndi ululu wa msana ndi khosi, ndipo chaka chomwecho anasewera gofu komaliza, pa East Lake pomwe anayambira. Pambuyo pake madokotala anapeza kuti ali ndi matenda a mtsempha wa msana otchedwa syringomyelia. Anayamba kuyenda ndi ndodo, kenaka njinga ya olumala. Zala zija zinapindikira mkati mpaka kugwira cholembera kunakhala chintchito. Mu 1958 anthu a ku St Andrews, komwe anachita manyazi kuja, anamupatsa ulemu wa mzika ya tauni yawo, womwe munthu wa ku America anaulandirapo kale ndi Benjamin Franklin yekha. Anamwalira pa 18 December 1971 ali ndi zaka 69. Uthenga utafika ku St Andrews, amene anali pabwalo anaimitsa masewera ndipo mbendera inatsitsidwa.