Danielle Bunten Berry ndi masewera a anthu anayi

Bawo sasewera munthu mmodzi. Pa doko la Msaka kapena pansi pa mtengo wa mango ku Mangochi boma, osewera amakhala awiri koma olangiza amachuluka, ndipo kukoma kwake kuli pa mkangano womwewo. Masewera ambiri oyambirira a pakompyuta anali a munthu mmodzi, yekhayekha kulimbana ndi makina. Mmodzi mwa amene anatsutsana nazo zimenezi ndi Danielle Bunten Berry.

Anabadwira ku St. Louis, ku America, mu 1949, koma zaka zambiri anakhala ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas. Nthawi imeneyo ankadziwika kuti Dan Bunten. Mu 1992 anachitidwa opaleshoni nayamba kukhala ngati mkazi, n'kutenga dzina la Danielle. Masewera ake oyamba, Wheeler Dealers, anatuluka mu 1978 ndipo anagulidwa ndi anthu pafupifupi 50 okha.

Mu 1983 kampani ya Electronic Arts inatulutsa M.U.L.E., ntchito yomwe amakumbukiridwa nayo. Anthu anayi amakhala pa kompyuta imodzi ya Atari, aliyense ali ndi malo ake pa dziko lopeka la Irata. Wina amalima chakudya, wina amapanga magetsi, wina amakumba miyala. Kenako pamabwera msika: wogulitsa amatsitsa mtengo pang'onopang'ono, wogula akukweza, mpaka akumane. Amene anaonapo amalonda akulimbirana usipa m'mamawa ngalawa zitangokocheza saona chachilendo apa. Wopambana amakhala mmodzi, komabe mudzi wonse umayesedwa pamodzi, moti womana anzake chakudya mopitirira akhoza kugwetsa onse, iyenso m'kati.

M.U.L.E. sinagulidwe kwambiri. The Seven Cities of Gold ya mu 1984, yosewera munthu mmodzi, ndiyo inabweretsa ndalama, koma iye anabwererabe ku zosewera anthu angapo. Modem Wars ya mu 1988 inkalumikiza osewera awiri kudzera pa waya wa telefoni, intaneti isanafike m'makomo. Pambuyo pake, pokonza M.U.L.E. ina ya makina a Sega, anauzidwa kuti aikemo mfuti ndi mabomba. Anakana, ntchitoyo n'kuthera pomwepo.

Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 3 Julayi 1998, ali ndi zaka 49, atangolandira kumene mphoto ya ntchito ya moyo wake wonse kuchokera kwa opanga masewera anzake. Mu 2000 Will Wright anatulutsa The Sims, nalembamo dzina la Bunten pomukumbukira.