Bishopu Mackenzie ndi Mmene Makolo Athu Anamuonera

Amayi anzathu, ife a kuno ku Chilwa timadziwa zimene zimachitika galimoto ya azungu ikaima pa doko la Kachulu. Ana amathamanga akukuwa, eni mabwato opita ku Chisi amalimbirana, ndipo ife akuluakulu timanong'onezana kuti kaya abwera ndi chithandizo chanji. Zimenezi sizinayambe lero. Tiyeni tikumbukire bishopu woyamba wa mpingo wathu m'dziko muno, Charles Frederick Mackenzie, ndi mmene makolo athu anamuonera.

Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Scotland. Anali katswiri wa masamu pa yunivesite ya Cambridge, koma mu 1855 anasiya ntchito yapamwambayo napita kukatumikira ku Natal, ku South Africa, pamodzi ndi mchemwali wake Anne. David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu ino mu Epulo 1859, anali atapempha mayunivesite a ku England kuti atumize amishonale kuno. Pempholi ndilo linabala bungwe la UMCA, ndipo pa 1 Januwale 1861 Mackenzie anadzozedwa ubishopu ku Cape Town kuti alitsogolere.

Mu Julaye chaka chomwecho anakwera mapiri wapansi kuchokera ku mtsinje wa Shire, dzanja lina ndodo ya ubishopu, dzanja lina mfuti. Pa mudzi wa Mbame anakumana ndi mdipiti wa akapolo opita nawo ku Tete. Livingstone ndi anthu ake anawamasula onse 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, pamene Bishopu anali kokasamba kumtsinje. Atabwerako anavomereza zochitikazo, nawatenga anthuwo kupita nawo ku Magomero, pa mtsinje wa Namadzi, kumene mfumu Chigunda inapereka malo.

Nanga makolo athu anamuona bwanji mlendoyu? Omasulidwa aja anamuona ngati bambo wawo. Kamtsikana kena, Daoma, katatopa pa ulendo, Bishopu anakanyamula paphewa mpaka ku Magomero. Mwanayo anakulira ku Cape Town nakhala mphunzitsi wa ana amasiye.

Mafumu a Amang'anja maso awo anali pa mfuti. Nthawi imeneyo Ayao anali kulowa m'dera lino, ndipo mafumuwo sanaleke kubwera kwa Bishopu kudzapempha kuti awamenyere nkhondo. Iye anavomera atawalonjezetsa kuti asiya kugulitsa anthu. Mu Ogasiti anatsogolera nkhondo cha ku Zomba, ndipo mu Okutobala anafika kufupi ndi nyanja ino, kumene midzi ya Ayao inatenthedwa pamodzi ndi chakudya chawo. Kwa mayi wa Chiyao wothawa ndi mwana kumsana, mzungu uyu anali mdani basi.

Ndipo tikaganiza bwino, munthu wokhala ndi mpanda, mfuti, nsalu, ndi khamu la amayi ndi ana olanda kwa ena, masiku amenewo dzina lake linali limodzi: mfumu. Iye anadziona ngati mbusa, koma oyandikana naye anaona mfumu yatsopano yoti apangane nayo kapena aziiopa.

Bishopu sanadziwe chinenero chathu. Nkhani zonse anazimva kudzera mwa omasulira, ndiponso anamva mbali imodzi yokha. Pambuyo pake mnzake, Henry Rowley, anavomereza kuti Ayao nawonso anali othawa nkhondo ndi njala kwawo, ndi kuti Amang'anja nawonso ankagulitsa anthu.

Mu Januwale 1862, mvula ili pakati, Mackenzie anatsika ndi bwato kukachingamira Anne pamene Ruo amathira mu Shire. Usiku wina bwato linagubuduka, kwinini yense namira. Ife amene tinagwirapo ntchito m'zipatala tikudziwa mathero a malungo opanda mankhwala pa thupi lotopa kale ndi kutsegula m'mimba. Ali chigonere pa chilumba cha Malo, mfumu ya pamenepo inapempha kuti amuchotse m'nyumba imene anagonamo, poti nyumba yoferamo munthu sikanagwiranso ntchito. Azungu anaona ngati nkhanza, koma mfumuyo inatsata mwambo wa kwawo. Bishopu anamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36, naikidwa cha ku Chiromo. Anne anafika patapita masabata angapo n'kungomva za maliro. Mu Epulo amishonale anachoka ku Magomero, ndipo pofika 1864 UMCA inali itasamukira ku Zanzibar.

Akulu amati mlendo ndi mame. Mackenzie sanathe ngakhale miyezi 7 pakati pa makolo athu. Sitikayika za chikondi chake, pakuti anasiya ulemerero wa kwawo nafera kuno. Koma chikondicho chinatenthetsa nkhokwe za osauka ena, chifukwa iye anafulumira, ndipo omulandira anamuuza zokomera iwo okha.

Lero m'mabenchi a tchalitchi timakhala pamodzi zidzukulu za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Alendo akabwera ndi nkhani ya mjigo kapena sukulu, ndife amayi amene timawaphikira ndi kuwayendetsa m'midzi. Tisawalondolere ku mabanja athu okha. Tiwafikitsenso kwa mnansi wathu wa kumzikiti ndi kwa amene tinasemphana nawo, kuti amve mbali zonse asanakumbe. Pa 31 Januwale tidzapempherere alendo onse obwera kuno, ndiponso malilime athu ife owalandira.